Kuchoka pa Muloza kukaponda nyanja yamchere ku Quelimane thumba osabooka

Namondwe wa Freddy asanatigumulire miyala ndi matope kuchokera m'phiri mu March 2023, anayamba watera kaye kufupi ndi Quelimane, mzinda wa ku Mozambique. Ambiri a ife kuno ku Mulanje dzina limeneli tinalimvera pa wailesi masiku amenewo, ndipo linatsala m'mutu ngati dzina la malo atsoka. Koma maliro atatha, tili mkati moumba njerwa zokonzera makoma, ine zinandibwerera mwina. Ngati mphepo ija inachoka kunyanja n'kutipeza kuno m'masiku owerengeka, ndiye kuti nyanja yamchereyo siili kutali monga timaganizira.

Siili kutalidi. Kuchoka pa boma la Mulanje kufika pa chipata cha Muloza ndi makilomita pafupifupi 30. Kuchoka pa Milange, tauni imene ili tsidya lina la chipatacho, kufika ku Mocuba ndi pafupifupi 190, ndipo kuchoka ku Mocuba kufika ku Quelimane ndi pafupifupi 150. Mukaphatikiza sakwana 400, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wopita ku Lilongwe. Munthu wa pa Limbuli ali pafupi ndi nyanja ya India kuposa mmene aliri ndi Nkhata Bay.

Ine ndapitako kawiri. Ulendo woyamba tinali awiri ndi alamu anga, tinabwerako ndi ngongole. Wachiwiri tinali mabanja atatu, tinabwerako ndi chenje. Chimene ndinaphunzira pakati pa maulendo awiriwa n'chakuti ndalama sizithera kunyanja. Nyanja silipiritsa. Ndalama zimathera panjira: posintha, pogona malo amene simunakonzekere, ndi pochita hayala galimoto chifukwa mwachedwa. Zonse zili m'munsimu n'zotseka mabowo atatu amenewa.

Choyamba, pasipoti

Boda pasi imene timatenga popita kumsika wa Milange kapena kukaona achibale tsidya lina la malire musaiwerengere. Ku Quelimane n'kutali, ndipo panjira pali malo angapo pamene apolisi amafuna kuona pasipoti yodindidwa. Mmalawi safunika viza pa ulendo wosapitirira masiku 30, choncho pasipoti yamoyo ndi yokwanira. Akakudindirani musachoke pawindo musanayang'ane: tsiku ndi lolondola kodi, nanga akupatsani masiku angati? Kupyola masikuwo kuli ndi chindapusa chowerengera tsiku ndi tsiku.

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake. Ngati kholo limodzi latsala, tengani kalata yake yovomereza pamodzi ndi chiphaso chakubadwa cha mwanayo. Chitani fotokope tsamba la chithunzi, ina ikhale m'chikwama china, ndipo mulijambulenso pa foni.

Chachiwiri, sankhani mwezi

Pitani pakati pa May ndi September. Nthawi imene chiperoni chatitsekera m'nyumba kuno, kugombe kumakhala kofunda bwino, kosawotcha. Paja chiperoni chimenechi dzina lake ndi la phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambézia, momwe mulinso Quelimane, ndiye mukhala ngati mukuchizemba polowera kwawo komwe. Amene muli ndi ana a sukulu, August ndiye wanu. Anzathu a m'maesiteti mukudziwa kale kuti chilimwe masamba amachepa, ntchito imapepuka, koma ndalamanso imapepuka. Ndiye ndalama ya ulendo wa August iyambe kusungidwa mu January tiyi ali pakalavulagaga.

December mpaka March musiyeni. Kutentha kwake n'kwa chinyontho, kokhetsa thukuta munthu ali chikhalire, ndipo ndiyo nyengo ya anamondwe. Mu January 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho pa Mocuba, galimoto zinaima mbali zonse ziwiri. Munthu wa ndalama zowerenga sangapirire kutsekeredwa tsidya lina sabata yathunthu. Nthawi ya Khirisimasi ndi ya chikondwerero cha Carnaval, chimene Quelimane amatchuka nacho Lenti isanayambe, zipinda zimadzaza ndipo mitengo imakwera.

Kutatsala masiku awiri kapena atatu, funsani za msewu. Chisankho cha October 2024 chitachitika ku Mozambique, misewu yambiri inkatsekedwa ndi zionetsero. Odziwa zoona za tsiku limenelo si a pa Facebook ayi, koma madalaivala a pa Muloza ndi amayi a geni amene amaoloka sabata ndi sabata.

Chachitatu, ndalama, ndipo apa tikhalitsepo

Sindikulemberani mitengo. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023 akudziwa kuti mtengo wolembedwa lero, mwezi wamawa ndi nthano. Chitani izi: pezani munthu amene wabwerako mwezi womwewo, mumufunse mitengo itatu yokha mu meticais. Kukwera kuchoka pa Milange kufika ku Mocuba, kuchoka ku Mocuba kufika ku Quelimane, ndi chipinda chotchipa usiku umodzi. Pa zimene akuuzeni muwonjezerepo gawo limodzi la magawo anayi, chifukwa iyeyo ndi wozolowera, inu ndinu mlendo.

Kwacha imagwira ntchito pa Milange, koma mukangopitirira palibe amene aiyang'ane. Ndalama ya kumeneko ndi metical, zambiri amati meticais, za mapepala kuyambira 20 mpaka 1000, zonse zili ndi nkhope ya Samora Machel. Yambani kubanki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti, ndipo muyambe kudakali masabata angapo chifukwa ndalama zakunja masiku ano n'zosowa. Anyamata a mipukutu m'manja amene amakuthamangirani pachipata mukuwadziwa. Lamulo siliwavomereza, ndipo akakuberani mulibe kokadandaula. Ulendo woyamba uja mnyamata wina anandiwerengera pamaso panga, ine n'kuvomera ndi mutu. Kenako anati taimani ndionenso, n'kuzitenga, n'kuwerenganso mofulumira, n'kundibwezera. Nditafika pa Milange ndinapeza mapepala awiri a 500 palibe. Ndalama ikangolowa m'manja mwanu itawerengedwa, isabwererenso m'manja mwa amene wakupatsani, ngakhale anene zotani.

Pemphani mapepala ang'onoang'ono, a 20, 50 ndi 100. Wa njinga kapena mayi wogulitsa buledi mukamupatsa 1000 m'mawa mwamuputa, ndipo chenje chake mudikira mpaka dzuwa litakwera.

Kenako gawani ndalamazo panayi musananyamuke, gawo lililonse m'pepala lakelake: yoyendera, yogonera, yodyera, ndi yatsoka. Yatsokayo ikwane kugona usiku umodzi wowonjezera ndi kugula mankhwala. Ndalama yobwererera muichotse pa yoyendera, muipatse munthu wouma mtima kwambiri pagulupo. Kwathu anasunga ndi mayi a kunyumba, anaimanga pamfundo ya chitenje chamkati, ndipo tsiku lachitatu nditayesa kuipempha kuti ndiwonjezere nkhuku anangondiyang'ana n'kupitiriza kupesa mwana. Sunganinso makwacha a minibasi yochoka pa Muloza pobwerera. Anthu amaiwala zimenezi, n'kumaimba mafoni pachipata kupempha Airtel Money madzulo.

Musapite nokha ngati mungathe. Anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi ndiye gulu labwino: chipinda mumagawana, nsomba yaikulu mumagawana, katundu wina amalondera wina akusamba. Kupitirira apo mumayamba kutaya nthawi podikirana. Ife tinachita chipereganyu cha miyezi isanu ndi umodzi, ndalama yake osaikhudza, ndipo tinagwirizana poyamba pomwe kuti wosiyira panjira abwezeredwa yake ulendo ukatha.

Chachinayi, chikwama

Chikhale chimodzi, choti mutha kuchiika pamiyendo. Katundu wokwera padenga kapena m'ngolo amamulipiritsa payekha. Muikemo neti ndi kachingwe komangira, patapata, chipewa, sopo, tochi, Panado, Thanzi ndi WaterGuard. Tchaja yanu ya mano atatu siilowa m'makoma a kumeneko, masoketi awo ambiri ndi a timabowo tiwiri tozungulira, ndiye gulani adaputa pa Limbuli kapena pa Milange. Kamba wa panjira akhale wosasasa msanga: mtedza wokazinga, chigumu, mbatata yootcha. Tengani fulasiki, masamba a tiyi ndi shuga. Iwonso ali ndi tiyi wawo wa ku Gurué, koma munthu wa ku Mulanje kukagula tiyi kwa eni ake ndi manyazi.

Chachisanu, olokani madzulo, mugone pa Milange

Apa ndi pamene panagona ulendo wonse. Maminibasi a kumeneko amawatcha chapa, ndipo a maulendo ataliatali amayamba kudzaza kusanache. Chipata cha Muloza sichigwira ntchito usiku, ndiye mukati munyamuke kunyumba m'mawa, mudzafika pa depoti ya Milange zoyambirira zitapita kale.

Ife ndi alamu tinachita zomwezo. Tinamwa tiyi mosafulumira, tinaoloka cha m'ma 10 koloko, n'kupeza chapa ili ndi anthu atatu. Inadzaza 2 koloko itadutsa. Pa Mocuba tinafika mdima utagwa, za ku Quelimane zitatha. Wa galimoto ina anatitchulira mtengo wa hayala woti ungagule mbuzi. Alamu anati, "Alamu, tingogona pa depoti pompano, amuna safa ndi usiku umodzi." Udzudzu wa m'mbali mwa Licungo utatilandira kwa ola limodzi, anali iwo omwe amene anayamba kufunsa kumene kuli chipinda. Ndalama ya chipinda chimenecho inali ya chakudya cha masiku awiri.

Ndiye inu chitani chonchi. Nyamukani kunyumba mutadya nsima ya masana. A ku Thyolo nyamukani m'mawa ndithu, kudzera ku Luchenza ndi pa Chitakale, chifukwa minibasi zathu zimaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Dinditsani kotuluka mbali yathu, olokani, dinditsani kolowa, kenako kwerani kabaza kukafika m'tauni ya Milange, makilomita owerengeka chabe. Kudakali kowala gulani simu khadi ya Movitel kapena Vodacom, amalembetsa ndi pasipoti, chifukwa netiweki ya kwathu imakutsanzikani mukangotalikira malire. Pitani pa depoti, funsani chapa yoyamba ya mawa, ndipo ngati ilipo yopita ku Quelimane osasintha, tengani imeneyo. Kondakitala amamutcha cobrador. Tengani nambala yake, mumufunse ola loti mufike, inu mufike nthawiyo isanakwane. Ambiri a ife tili ndi azakhali kapena atsibweni tsidya limenelo. Kagoneni kumeneko, mutatenga kapaketi ka shuga. Ngati mulibe, malo ogona otchipa pa Milange alipo, ndipo Chichewa chimamveka tauni yonse.

Chachisanu ndi chimodzi, pamsewu

Pewani mpando wakumbuyo kwenikweni. Pasipoti ikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama. Pa rodibuloko perekani moni, onetsani, landirani, bwezerani m'thumba. Osajambula apolisi, milatho kapena nyumba za boma. Ndipo ukayenda siya phazi: ndale za eni dziko muzisiye, ngakhale mnzanu wa pampando aziyambe yekha.

Chichewa chimayamba kuchepa mukamayandikira Mocuba. Amene munamvera agogo akuyankhula Chilomwe, apa ndi pamene chikulipireni, chifukwa makolo a ambiri a ife anachokera mbali zomwezi kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Amene Chilomwe chanu chimathera povala chitenje cha Mulhako pa Chonde, muphunzireko mawu ochepa a Chipwitikizi. Bom dia ndi moni wa m'mawa, boa tarde wa masana. Quanto custa ndiko kufunsa mtengo. Quarto ndi chipinda, água ndi madzi, praia ndi gombe. Pothokoza mwamuna amati obrigado, mkazi obrigada. Manambala akakusokonezani, perekani foni kuti wogulitsayo alembe yekha. Ku Quelimane eni mudzi amayankhula Chichuwabo, koma Chisena chimamvekanso, ndipo pamsika simulephera kupeza wina amene anakhalako ku Malawi nthawi ya nkhondo isanathe mu 1992. Ameneyo akamva mukuyankhula amadzakupatsani moni yekha.

Mukadutsa Mocuba ndi Namacurra mufika pa Nicoadala, pamene msewu wa ku Quelimane umapatuka pa msewu waukulu wa dzikolo. Pamenepa amagulitsa nanazi m'mawindo. Gulani chimodzi mulawe kuti mukhale ndi chonena. Ine ndinalawa, ndipo ndikuti za kwathu kuno n'zotsekemera kuposa, koma mwina ndi mtima wa kwathu. Kuchokera apo mapiri atha. Dziko limangoti see, madambo a mpunga mbali zonse, ndi migwalangwa ya kokonati. Zambézia inali ndi minda ya kokonati yotchuka pa dziko lonse, koma matenda osandutsa masamba kukhala achikasu anapha mitengo yambiri. Mudzaona ina itangoima yopanda mutu ngati mapolo a magetsi.

Chachisanu ndi chiwiri, kogona

Ndikuuzirenitu kuti musadzakhumudwe: mumzinda wa Quelimane mulibe nyanja. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Bons Sinais, umene Vasco da Gama anaupatsa dzina limeneli mu 1498, ndipo nyanja yeniyeni ili kumunsi. Gombe losambira ndi Zalala, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Alamu atatsika pa depoti ya Romoza anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Nanga nyanja ija aiika kuti?"

Gonani m'tauni, kunyanja muzipita m'mawa n'kubwerako madzulo. M'tauni zipinda n'zambiri, chakudya n'chotchipa, ndipo mtengo umakambika. Malo otchipa amalembedwa kuti pensão kapena residencial. Popeza mwafika kudakali dzuwa, musathamangire oyamba amene wa njinga akulozereni. Gulu likhale pamthunzi ndi katundu, awiri apite akaone malo atatu. Mukalowa m'chipinda tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, yatsani fani, yesani loko, yang'anani pomangirira neti, kenako tulukani muone ngati khoma silinagundane ndi bala. Funsani ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi. Safunsa anadya phula. Nenani kuti mukhala masiku atatu ndipo akuchotsereni, koma lipirani usiku umodziumodzi kufikira mutaona kuti malowo ali bwino. Pemphaninso ngati angakuloleni kuwiritsa madzi a tiyi kukhitchini. Amene muli pafupi ndi abusa kapena ansembe anu, afunseni musananyamuke ngati akudziwa anzawo kumeneko. Nyumba za alendo za mipingo nthawi zambiri zimakhala zaukhondo ndi zabata.

Kuyenda m'tauni n'kosavuta. Mzindawu ndi wathyathyathya ngati bwalo la mpira, ndipo kabaza wa njinga zakapalasa ndiye mwini msewu. Ngakhale meya wawo, Manuel de Araújo, amadziwika ndi kupalasa njinga. Gwirizanani mtengo musanakwere, monga timachitira pa Chitakale.

Chachisanu ndi chitatu, kudya

M'mawa tumani mmodzi ku padaria, kophikira buledi, akagule pão wotentha. Ndi tiyi wanu uja wa m'fulasiki, kadzutsa watha pa ndalama yochepa. Masana idyani kumene akudya a njinga ndi amayi a pamsika, m'timalesitilanti ta m'mbali mwa msika timene amati barraca. Nsima amaitcha xima, kutchula kwake pafupifupi ngati kwathu, ndipo ikhoza kubwera yofewa kuposa mmene tinazolowerera. Sankhani pamene pali anthu ambiri ndipo chakudya chikuchoka pamoto.

Zitatu musabwere musanalawe. Mucapata ndi mpunga wophika pamodzi ndi mphodza ndi mkaka wa kokonati, wolimba ngati phala louma. Matapa ndi chigwada chathu chomwechi chotendera, koma amathiramo kokonati ndipo kawirikawiri nkhanu kapena camarão, tizilombo ta m'nyanja tokhala ngati dziwala zopanda mapiko. Anzathu a Sabata a ku Malamulo ndi ena amene sadya zimenezi, funsani musanaitanitse, nenani kuti sem camarão, sem caranguejo, kutanthauza kuti musakhale camarão kapena nkhanu. Chachitatu ndi nkhuku imene chigawochi chimatchuka nayo, galinha à zambeziana, yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, adyo ndi mandimu, kenako n'kuotchedwa pamakala pang'onopang'ono akuipaka msuzi womwewo. Imeneyi ndi yodula. Muikonzere usiku umodzi, nkhuku imodzi anthu atatu, ndipo muitanitse msanga chifukwa imatenga nthawi.

Mimba yozolowera nandolo ndi kalongonda ikakumana ndi kokonati katatu pa tsiku imadandaula, ndiye yambani pang'ono. Amene simunadyepo camarão lawani kamodzi kokha n'kudikira, ena amatupa nato milomo. Madzi akumwa gulani chigubu chachikulu chotseka kapena thirani WaterGuard. Freddy atadutsa, kolera inavuta kwambiri mumzindawu, ndipo si malo ochitira chibwana ndi madzi. Ludzu la masana liphe ndi lanho, kokonati wamuwisi amene amakudulirani pomwepo, mukamwa madzi ake amamung'amba kuti mukombe zam'kati. Za mowa wa 2M ndi Manica wozizira sindinena zambiri. Ngongole ya ulendo woyamba ija, theka lake inachokera kumeneko.

Chachisanu ndi chinayi, tsiku la ku Zalala

Funsani mwini malo ogona kumene chapa za ku Zalala zimakwerera, ndipo nyamukani m'mawa kwambiri. Pitani mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu tauni yonse imakhamukira komweko ndi zoimbira zake. Mukangotsika, funsani cobrador kuti chapa yomaliza imabwerera nthawi yanji, inu mukwere ya patsogolo pake.

Mudzadutsa m'mitengo yaitali ya masamba ngati singano, kenako mchenga, kenako chinthu chimene maso a munthu wokulira pansi pa phiri sanachizolowere: kutsogolo kulibe chotchinga chilichonse. Madzi ake si obiriwira ngati a pa kalendala. Ndi odera, chifukwa mitsinje ikuluikulu ya m'chigawochi imatsanuliramo matope. Ena amakhumudwa nazo. Ine phokoso lake ndi limene linandigwira, kuguguda kosalekeza ngati Ruo atadzaza, koma kopanda mvula.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa amene munasambako ku Mangochi simukuchidziwa. Nyanja yamchere imayenda. Imaphwa n'kubwerera m'mbuyo kwa maola pafupifupi sikisi, kenako imadzazanso kwa maola ena sikisi, kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Chimakoka madziwo ndi mwezi, n'chifukwa chake mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kuphwa ndi kudzaza kumakula. Gombe la Zalala ndi lathyathyathya, ndiye madzi akaphwa amapita kutali zedi, pobwera amathamanga pamchenga mosaonetsa.

Alamu anavula nsapato zawo zachikopa, zopitira kutchalitchi, n'kuziika bwinobwino pamchenga wouma, sokosi m'kati. Tinayenda kulondola madzi. Iwo anali atatenga sopo kuti asambe zenizeni, koma anakhula, anakhula, thovu osatuluka, poti madzi amchere sagwirizana ndi sopo wamba. Anati sopoyo ndi wachinyengo. Tikukangana za sopo, mnyamata wina wa asodzi anayamba kutikuwira akuloza kumbuyo kwathu. Pamene tinaika nsapato paja panali patasanduka nyanja. Imodzi tinaipeza ikuyandama. Inayo mwina inakafika ku Madagascar. Anabwerera ku Mulanje ndi patapata, nsapato imodzi ili m'jumbo, ndipo achemwali anga mpaka lero akafuna kuwaseka amangofunsa kuti, "Bambo ake, inzake ija inalemba kalata?"

Ndiye katundu ikani kumtunda pafupi ndi mitengo, pamwamba pa mzere wa zinyalala umene madzi amasiya, ndipo wina atsale pomwepo mosinthana. Sambani pamene eni dera akusamba, madzi osapyola m'chiuno. Kudziwa kusambira pa Dziwe la Nkhalamba si kudziwa mafunde. Mukamva madzi akukukokerani mkati musalimbane nawo molunjika kumtunda, yendani chammbali motsata gombe kufikira akusiyeni. Ana akhale pamtunda woti mutha kuwagwira ndi dzanja. Womwa mowa asalowe. Foni ikhale m'kapulasitiki, mchenga ndi mchere zimaipha msanga. Mukatuluka tsukani thupi ndi madzi abwino, apo ayi mudzakanda usiku wonse.

Chakudya cha tsiku limeneli gulani kwa asodzi pamene akukoka makoka. Imani pambali kaye muone amayi a geni akugula bwanji, ndiye mufunse mtengo. Pafupi pamakhala anthu ootcha. Gwirizanani mitengo iwiri payokhapayokha nsomba isanapite pamoto, wa nsomba ndi wootchera. Pão munagula m'tauni, mchere ndi mandimu zili m'chikwama.

Ngati gawo logonera latsalako, usiku umodzi wokha mugone ku Zalala, anthu anayi chipinda chimodzi. Kuno dzuwa timaliona litakwera kale, likusuzumira pamwamba pa phiri. Kumeneko limatuluka m'madzi, lofiira ngati chikuni. Mwana wathu anafunsa ngati silinanyowe.

Tsiku lotsala m'tauni silifuna ndalama. Madzulo yendani m'mbali mwa mtsinje kumene anthu amakapitidwa mphepo, muone tchalitchi chakale cha Katolika cha zaka za m'ma 1700 chimene chili pomwepo. David Livingstone anamalizira ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda mumzinda womwewu mu 1856, ndipo amishoni oyambirira obwera kuno kwathu ankadzera pa doko limeneli asanakwere Zambezi ndi Shire. Pali maboti ooloka mtsinje kupita mbali ya Inhassunge pa mtengo wa anthu wamba. Ngati mphepo ili bata ndipo boti silinadzaze mopyola, olokani n'kubwerera. Likadzaza, dikirani lina.

Chakhumi, kubwerera

Madzulo a tsiku lomaliza pitani pa depoti mukachite zomwe munachita pa Milange: chapa yoyamba, nambala ya cobrador, ola lofika. Cholinga n'chakuti mufike pa Muloza dzuwa likadalipo. Zitenje, zimene iwo amati capulana, gulani tsiku lomalizali ndi ndalama imene yatsaladi, osati tsiku loyamba ndi ndalama imene mukuganiza kuti itsala. Sungani malisiti, ndipo pachipata onetsani a MRA zimene mwagula. Za mphatso ziwiri zitatu ndi nkhani ina, mpukutu wonse ndi geni. Ma meticais otsala athereni pa Milange, tindalama tachitsulo palibe amene adzakusinthireni kuno. Mukafika kunyumba, wina akatentha thupi m'masabata awiri otsatira, apite akayezetse malungo tsiku lomwelo, anene kumene anali.

Ndipo konzekerani botolo. Mukangonena kuti mukupita kunyanja yamchere, agogo, apongozi ndi amayi a kutchalitchi adzakutumani madzi ake, aliyense ndi chifukwa chake chimene simuyenera kufunsa. Tengani botolo limodzi la chotsekera cholimba, mudzagawe kunyumba. Musalidzaze mpaka kukamwa, likulungeni m'majumbo awiri, ndipo liime chilili pakati pa miyendo yanu. Lathu tinaligoneka m'chikwama pamodzi ndi zitenje zatsopano ndi shuga wa azakhali a pa Milange, ndipo pofika pa Mocuba linali litatsala theka.